Dziko lomangidwa ndi mawu: ukapolo, uhule ndi kugonana m'masewera olemberana a pa intaneti

Mu 1978, pa yunivesite ya Essex mumzinda wa Colchester ku England, wophunzira wina dzina lake Roy Trubshaw anayamba kulemba pulogalamu ya masewera pa kompyuta yaikulu ya pasukulupo. Anaitcha Multi-User Dungeon, mwachidule MUD, ndipo mu 1980 anasiyira mnzake Richard Bartle kuti aipitirize. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Kompyuta inkangolemba mawu ofotokoza pamene munthu waima, kaya m'kanjira ka m'nkhalango kaya pakhomo la phanga, iye n'kuyankha polemba kuti akulowera kumpoto kapena akutola lupanga. Nzeruyi inachokera ku masewera awiri a zaka zomwezo: Dungeons & Dragons wa 1974, amene anthu ankasewera atazungulira tebulo, ndi Adventure wa Will Crowther, amene munthu ankasewera yekha ndi kompyuta. Chachilendo cha ku Essex chinali chakuti anthu angapo ankalowa nthawi imodzi m'dziko lomwelo, n'kumakumana, kucheza, kuthandizana ndi kuphana. Kwathu kuno wokamba nthano amakhala mmodzi, ena onse n'kumavomera. M'nthano imeneyi aliyense anali wokamba, ndipo aliyense anali ndi kalulu kapena fisi wakewake woti amuyendetse.

Awiriwa sanakonze zoti m'dzikomo mukhale zachikondi. Cholinga chinali kusaka chuma, kupha zilombo ndi kukwera maudindo. Koma pokumana anthu, nkhani ya mwamuna ndi mkazi sichedwa kutulukira. Osewera pafupifupi onse anali anyamata, ndiye atabwera wosewera waluso wotchedwa Sue, amene ankachezera pa MUD n'kumalemberana makalata ndi anzake, ambiri anamukonda. Tsiku lina analengeza kuti akupita ku Norway, n'kuzimirira. Amene anamulondola mpaka kunyumba anakapeza kuti Sue anali mwamuna. Kuyambira pamenepo osewera anadziwa kuti dzina la pa sikirini ndi munthu wa pa kiyibodi ndi zinthu ziwiri, ndiponso kuti mtima wa munthu susiyanitsa ziwirizi mosavuta.

Kuchoka ku Essex, masewerawa anasamuka mofulumira. Mu 1987 Alan Cox ndi anzake analemba AberMUD ku Aberystwyth m'dziko la Wales, ndipo itafika pamakompyuta a mayunivesite a ku America inafalikira ponseponse. Ku Sweden Lars Pensjö anapanga LPMud mu 1989, ndipo posakhalitsa ophunzira a ku Copenhagen anatulutsa DikuMUD. Ambiri mwa amenewa anali a nkhondo. Amene anakhotetsa njira ndi James Aspnes wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon, yemwe mu 1989 anatsegula TinyMUD. Iye anachotsa zilombo ndi maudindo, n'kupatsa wosewera aliyense mphamvu yomanga chipinda chake, kuchifotokoza m'mawu ake ndi kuchikiya. Sipanatenge nthawi kuti anthu adziwe ntchito ya chitseko chokiya. Awiriawiri ankalowa n'kumalemberana, mzere ndi mzere, zimene ampangankhani awo akuchita pabedi, ndipo mchitidwewu unapatsidwa dzina loti TinySex. Mu 1990 kunatsegulidwa FurryMUCK, kumene osewera amadzifotokoza ngati nyama zoyenda ndi kulankhula ngati anthu, ndipo chaka chotsatira kunabwera Tapestries, dziko la akuluakulu okhaokha limene nkhani zogonana zinali poyera.

Dziko lotchuka kwambiri la nyengo imeneyo linali LambdaMOO, limene Pavel Curtis anatsegula mu 1990 pa malo ofufuzira a Xerox PARC ku Palo Alto, m'chigawo cha California. Analimanga motengera nyumba yake yeniyeni: mlendo ankatulukira m'kachipinda kosungira majasi, n'kutsegula chitseko cholowera pabalaza pomwe anthu ankasonkhana. Pamenepo munthu sankangosankha pakati pa mwamuna ndi mkazi. Panali mitundu pafupifupi khumi, ina yosatchula n'komwe kuti ndiwe ndani. Kwa wachinyamata wa m'tauni yaing'ono amene ankakonda amuna kapena akazi anzake koma osayerekeza kuuza munthu, kapena amene ankamva kuti thupi lake silikugwirizana ndi mmene akudzionera, malo ngati amenewa anali oyamba kulankhulirapo popanda kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa pakhomo. Sherry Turkle analemba za anthu otere m'buku lake la 1995, Life on the Screen. Amy Bruckman wa ku MIT anaona mbali ina mu 1993: mwamuna akalowa ndi dzina la mkazi, ankadabwa kuona mmene anyamata akumuunjirira, kumupatsa thandizo losapempha, kenako n'kumayembekezera malipiro ake.

Usiku wina mu Marichi 1993, pabalaza la LambdaMOO podzaza anthu, mpangankhani wotchedwa Mr. Bungle anatulutsa kapulogalamu kotchedwa chidole chamatsenga. Ntchito yake inali kulemba zochita m'dzina la munthu wina, zioneke ngati mwiniwake ndiye walemba. Ndi chidolecho anachititsa ampangankhani a osewera ena zogonana zonyansa ndi zodzivulaza, aliyense akuwerenga, eni ake akulephera kuziletsa. Anasiya pokhapokha wosewera wina wakale atamutsekera m'khola ndi chida chake. Mmodzi mwa ochitidwa chipongwewo analembera mudzi wonse kupempha kuti Mr. Bungle asandutsidwe chule, limene linali lamulo lofafaniziratu mpangankhani. Pambuyo pake anauza mtolankhani Julian Dibbell kuti polembera mudziwo za nkhaniyi misozi inali ikutsika.

Vuto linali lakuti panalibe mfumu yoweruza mlanduwo. Miyezi ingapo m'mbuyomo Curtis anali atalengeza kuti iye ndi oyang'anira anzake azingosamala makina, za makhalidwe anthu adzionere okha. Patapita masiku atatu anthu pafupifupi 30 anasonkhana m'chipinda cha wosewera wina n'kukangana mpaka usiku. Ena ankati awa ndi mawu chabe, palibe thupi lakhudzidwa, ndipo wodandaulayo akanatha kugwiritsa ntchito lamulo lobisa zolemba za munthu amene sakumufuna. Ena anayankha kuti lamulo limenelo limangotseka maso a wochitidwa chipongwe, pamene ena onse m'chipindamo akupitiriza kuonerera. Yankho limeneli ndi limene ndimaliona kuti linalasa pamtima pa nkhaniyo, chifukwa manyazi ndi chinthu cha pagulu. Mr. Bungle mwiniyo anafika pamsonkhanowo, koma anthuwo sanagwirizane chimodzi. Anthu atabalalika, woyang'anira mmodzi anangomufafaniza payekha mwakachetechete. Curtis anakhazikitsa njira yoti osewera azilemba madandaulo ndi kuvota, ndipo mwa zoyamba kuvomerezedwa linali lamulo lotulutsa kwakanthawi munthu wovutitsa anzake. Wolakwayo anabwereranso ndi dzina lina. Mu Disembala 1993 Dibbell anafalitsa nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Village Voice pa mutu wakuti A Rape in Cyberspace, ndipo mpaka lero amaiphunzitsa m'mayunivesite. Mu 1996 oyang'anira a LambdaMOO anatenganso mphamvu zimene anatula, ataona kuti mavoti okha sakuthetsa mikangano.

Ukapolo unalowa m'masewerawa kudzera makomo awiri. Loyamba linali mabuku a Gor, amene John Norman, mphunzitsi wa filosofi wa ku New York wolemba m'dzina lobwereka, anayamba kutulutsa mu 1966. Mabukuwa amanena za dziko lina kumene akazi amagwidwa, kuvekedwa chitsulo m'khosi ndi kugulitsidwa, ndipo amalimbikira kuphunzitsa kuti mkazi amapeza chimwemwe chenicheni akakhala kapolo wa mwamuna. M'zaka za m'ma 1990 okonda mabukuwa anatsegula zipinda zochezera pa IRC ndi pa AOL, zokonzedwa ngati malo omwera mowa. Kajira, dzina la kapolo wamkazi m'mabukumo, ankalemba dzina lake m'zilembo zazing'ono, n'kulumikizako chidule cha dzina la mbuye wake. Ankagwada, kuperekera zakumwa m'ziganizo zazitali zokometsera, ndi kudzitchula ngati akunena za munthu wina. Ambiri ankalowa mwa kufuna kwawo, ndipo panali akazi amene ankati ndi sewero lowasangalatsa, palibe wowakakamiza. Komabe kumeneko mpanda wa pakati pa sewero ndi moyo unali wofooka kuposa kwina kulikonse, pakuti ena ankatenga mabukuwo ngati chiphunzitso chotsatira tsiku ndi tsiku. Mbuye wa m'sewero akayamba kulamula nthawi yoti munthu weniweni akhale pa kompyuta ndi anthu oti asalankhule nawo, sewero latha kale.

Khomo lachiwiri linali Dark Sun, dziko la chipululu limene kampani ya TSR inatulutsa mu 1991 kuti anthu aziseweramo Dungeons & Dragons. Motengera dzikolo kunabadwa Armageddon MUD, ndi dziko lake la Zalanthas. Mumzinda wa Allanak akapolo ndiwo amamanga, kunyamula katundu ndi kuphana m'bwalo kuti anthu aonerere. Muli ngakhale mtundu wa anthu osabereka, otchedwa mul, oswedwa dala kuti akhale akapolo amphamvu. Wosewera saloledwa kutuluka m'khalidwe la mpangankhani wake, ndipo akafa wafa, amayambiranso ndi wina. Kuno ukapolo sunali wa kuchipinda kwenikweni. Unali woonetsa kuuma mtima kwa dzikolo. Koma unabweretsa vuto limene olemba mabuku sakumana nalo. Kapolo wa m'buku samva kutopa. Wosewera kapolo ndi munthu amene waweruka kuntchito, wakhala pa kompyuta, n'kupeza kuti watsekeredwa m'mpanda ndipo mbuye wake sanalowe lero. Nanga amene wasamala mpangankhani wake miyezi yambiri, kenako wagwidwa ukapolo mosafuna? Oyang'anira anamaliza ndi kuchepetsa maudindo otere, kuti munthu azisewera kapolo pokhapokha atagwirizana nawo. Akapolo ambiri anatsala oyendetsedwa ndi kompyuta: amasesa, amanyamula, salankhula. Motero nkhani ya ukapolo inatsala m'kamwa mwa ambuye.

Pali china chimene ndimachiona kukhala chofunika kwambiri m'mbiri yonseyi. Dziko lomwelo la Zalanthas, losunga ukapolo, kuzunza ndi kupha, linalembedwa kuti mkazi ndi mwamuna ndi ofanana pantchito ndi pankhondo, ndipo palibe wonyozedwa chifukwa chogonana ndi mwamuna kapena mkazi mnzake. Okonza anadziwa kuti pakati pa osewera awo pali akazi ndi anthu okonda amuna kapena akazi anzawo, amene sangakhalitse ngati chipongwe cha kunja chiwatsatira m'seweromo. Anachita bwino. Koma zikuonetsa kuti nkhanza za m'maiko amenewa sizinkangogweramo. Zinkasankhidwa, ndipo zosungidwa zinali zimene osewera ambiri sankazimva m'thupi mwawo. Lisa Nakamura anaona zofanana pa LambdaMOO mu 1995: munthu wosatchula khungu lake ankaganiziridwa kuti ndi mzungu, ndipo ambiri odzifotokoza ngati a ku Asia ankavala za samurai kapena geisha, ngati alendo odzaona malo m'khungu la ena. Kwa ife amene timadziwa Nkhotakota ya a Jumbe, kumene anthu ankawolotsedwa nyanja kupita ku misika ya Kilwa, ndi Karonga kumene Mlozi anagonjetsedwa mu 1895, goli si chokongoletsera nthano. Pali mabanja amene mpaka lero amatsitsa mawu akamanena kuti agogo a uje anabwera bwanji pamudzi. Sindikuti ukapolo usalembedwe m'masewera. Ndikuti wolemba adzifunse ngati kapolo wakeyo ali ndi dzina, mayi ndi maganizo othawa, kapena wangoikidwa pakona kuti mbuye aoneke woopsa.

Masewera ena anatenga njira yosiyana ndi ya Zalanthas pa nkhani ya amuna kapena akazi okhaokha. M'maiko otengera Ulaya wakale, olamulidwa ndi mpingo wankhanza, chikondi chotere chinalembedwa ngati tchimo lolangidwa. Osewera amene moyo wawo weniweni uli wotero anagawikana: ena ankafuna kulemba nkhani ya chikondi chobisika ndi mantha ake, poti akuidziwa bwino, ena ankati zimenezi ndimakumana nazo kunyumba, sindingazifunenso pa nthawi yanga yopuma.

Uhule unali ponseponse, chifukwa pafupifupi dziko lililonse linali ndi malo omwera mowa ndi ndalama zake. Pa Sindome, mzinda wa m'tsogolo wotsegulidwa mu 1997, ochita ntchitoyi amatchedwa joygirl ndi joyboy. Masewera otengera mabuku a Jacqueline Carey, amene loyamba lake Kushiel's Dart linatuluka mu 2001, anaika ntchitoyi ngati utumiki wopatulika, wokhala ndi mapangano olembedwa, m'dziko limene kugwiririra ndi kunyoza milungu. Osewera aluso anapeza kuti hule wa m'sewero ndi munthu wodziwa zinsinsi za mzinda wonse, wotha kugulitsa mphekesera kwa akazembe ndi kwa mbava, ndipo ena ankasewera udindowu zaka zambiri osalemba mzere umodzi wa zakuchipinda. Koma panali msampha. Ndalama yolipira inali yabodza, pamene ntchito yolemba zogonana maola awiri inali ya munthu weniweni. Wosewera watsopano, wosauka m'seweromo, ankatha kuona kuti njira yachidule yopezera nyumba, chitetezo kapena udindo ndi kusangalatsa wosewera wamphamvu, nthawi zina woyang'anira amene. Madandaulo a mtundu umenewu ndi amene aphwasula magulu ambiri a osewera. Ndipo zimene zimamulowetsa munthu pantchitoyi kunja kuno, njala, ana ofuna fizi, apolisi, matenda, sizinkaoneka kawirikawiri.

Kuchokera m'mikangano yonseyi munatuluka mwambo wopempha chilolezo. Osewera anaphunzira kusiyanitsa mawu a m'sewero ndi mawu a kunja kwa sewero, amene mwachidule amati IC ndi OOC. Nkhani ikamayandikira zogonana kapena kuzunza koopsa, munthu amaima kaye n'kufunsa mnzake kunja kwa sewero ngati akulola. Akakana, amachita chimene amati fade to black: amagwirizana kuti chinthucho chachitika, koma osachilemba, n'kudumphira m'mawa mwake. Masewera ena a mtundu wotchedwa MUSH anafika poti palibe choipa chingagwere mpangankhani wako iwe usanavomere. Ena anakana, nati chimene wachita m'sewero uzikolola m'sewero momwemo. Pa kugwiririra, ambiri, kuphatikizapo Armageddon, anadzaona kuti chilolezo cha awiri sichikwanira, pakuti nkhaniyo imafalikira kwa abale, mabwenzi ndi asilikali a m'seweromo amene sanafunsidwe, ndiye anailetseratu. Osewera a patebulo anayenda njira yomweyo: Ron Edwards analemba mu 2003 za kuika malire a zosakhudzidwa n'komwe ndi zongodutsidwa mophimba, John Stavropoulos anabweretsa khadi la X loimitsira nkhani popanda kufotokoza chifukwa, ndipo mu 2019 kampani ya Monte Cook Games inatulutsa kabuku ka Consent in Gaming.

Nkhani ya ana ndiyo inalowetsa boma. Palibe amene ankaona nkhope ya mnzake, ndipo intaneti itafika m'makomo, amene ukulemberana naye akanatha kukhala mwana wa zaka 14. Ku America lamulo la Communications Decency Act la 1996 linafuna kulanga aliyense woika zolaula pamene mwana angazione, koma mu 1997 khoti lalikulu linathetsa mbali imeneyo pa mlandu wa Reno v. ACLU. Masewera anadziikira malamulo awo: wosewera akhale wa zaka 18, mpangankhani wochita zogonana akhalenso wamkulu. Kutsimikiza kwake kunali kungokhulupirira mawu a munthu.

Kenako anthu anasamuka. EverQuest mu 1999 ndi World of Warcraft mu 2004 anakoka okonda nkhondo ndi zithunzi zawo, ndipo Second Life, yotsegulidwa mu 2003, inatenga ambiri mwa okonda Gor. Otsala m'maiko a mawu anali ochepa, okulirapo msinkhu, ndipo anatsalira kulemba. Iwowa ndiwo anayamba kufunsa za ukapolo mwatsopano. Pa Arx, yotsegulidwa mu 2016, ukapolo unalembedwa ngati chonyansa choletsedwa mu ufumu wonse, komabe pa zilumba za banja la Thrax panali anthu omangidwa ndi ngongole yogwirira ntchito, otchedwa thrall. Osewera anatha zaka akulimbana m'seweromo kuti mchitidwewo uthe, kuwombola ana ndi kukangana ndi mafumu osunga mwambo, mpaka mabanja anagawikana. Makampani akuluakulu anasankha njira yachidule. Kumapeto kwa 2021 Paizo, yopanga Pathfinder, inalengeza kuti sidzamanganso nkhani zake pa ukapolo; mu 2022 Wizards of the Coast inapepesa chifukwa cha Hadozee, mtundu wooneka ngati anyani umene mbiri yake inali ya ukapolo, n'kuchotsa mawuwo. Kupepesako kunali koyenera. Komabe pakati pa kufafaniza ndi njira ya Arx, ine ndimaima ndi Arx, pakuti kumeneko womangidwa anapatsidwa mbali yolankhula ndipo osewera anamva kulemera kwa kumasula munthu.

Lero masewerawa alipobe, ambiri oyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, okhala ndi osewera makumi angapo usiku umodzi, ndipo gawo lalikulu la kulemberana linasamukira pa Discord. Wolowa kumene amapeza tsamba lolembapo nkhani zimene sakufuna kukumana nazo. Mphamvu yogamula ikuchoka pang'onopang'ono m'manja mwa osewera. Lamulo la ku America la FOSTA-SESTA la 2018, lolimbana ndi kugulitsa anthu, linachititsa makampani kuopa chilichonse chotchula uhule. Ku Britain, pansi pa Online Safety Act ya 2023, malo okhala ndi zolaula anayamba kukakamizidwa mu Julayi 2025 kutsimikiza zaka za olowa, ntchito yofuna ndalama zimene gulu laling'ono lilibe. Palinso ambiri amene tsopano amalemberana ndi makina m'malo mwa munthu. Pa AI Dungeon, imene inatchuka mu 2019, zinadziwika kuti ena akulembetsa makinawo nkhani zogonana zokhudza ana, ndipo mu Epulo 2021 kampani ya Latitude inaika sefa yozigwira. Sefayo inkakolanso nkhani zosalakwa, ndipo osewera anakwiya atamva kuti antchito a kampaniyo angawerenge zimene iwo ankayesa kuti akulemba paokha.